Kalulu, Njovu ndi Mvuu Atuluke M'buku: Kupanga Zidole za Mapepala ndi Ana Aang'ono

Kabuku ka makolo, agogo ndi alezi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje

Kabukuka n'ka yani

Talembera inu amene muli ndi mwana wa zaka 3 mpaka 5 pakhomo: mayi, bambo, agogo, azakhali, ngakhale mkulu wake amene amatsala naye anthu akapita kudimba. Alezi a m'sukulu za mkombaphala, zija timati ma CBCC, nawonso apezamo zowathandiza. Ntchito yake ndi yochepa. Mutenga nthano imodzi ya m'buku, mupanga nyama za m'nthanomo ndi mapepala otha ntchito, kenako mumusiya mwana kuti azilankhulitse yekha. Simulowa m'thumba ayi. Zofunika zili m'nyumba momwemo, kumunda, ndi pagolosale ya pafupi.

Mwana amayamba Sitandade 1 akakwanitsa zaka 6, ndipo amakafika kumeneko ndi mawu amene watola pakhomo. Wozolowera kumva nkhani, kufunsa ndi kufotokoza savutika kutsata zimene aphunzitsi akunena. N'chifukwa chake boma linakhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro ndi maphunziro a ana aang'ono (Mmera Mpoyamba) mu 2003, ndipo midzi yambiri inamanga malo osonkhanirapo ana. Koma tonse tikudziwa mmene zinthu zilili. Pena sukulu ya mkombaphala ili kutali, pena ilipo koma buku la zithunzi ndi limodzi, mlezi n'kumalikweza m'mwamba kuti khamu lonse la ana lione. Komanso kuno kuchigwa pepala silikhalitsa. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 anakokolola mabuku pamodzi ndi mbuzi ndi matumba a mapira, ndipo banja likamayambanso moyo, palibe amene angalidzudzule kuti silinagule kaye buku la nthano.

Ndiye nthano isamangokhala m'buku. Ilowe m'kamwa mwa mwana, kuti buku likabwezedwa kwa eni ake iye azitha kuikamba yekha. Chidole cha pepala ndicho chimathandiza pamenepo, chifukwa mwana amene sangakubwerezereni nkhani mutamufunsa maso ndi maso amailongosola yonse akagwira Kalulu m'manja.

Kupeza buku ndi kusankha nthano

Yambani mwafunsa kwa alezi a CBCC ya kwanuko, kwa aphunzitsi a makalasi oyambirira, kapena ku TDC (likulu la aphunzitsi) ya dera lanu ngati angakubwerekeni kabuku ka nthano kokhala ndi zithunzi. M'mabuku a Chichewa a ana a pulayimale mulinso tinkhani tatifupi. Amene muli ndi foni ya intaneti mutha kupeza nthano za ana zaulere pa African Storybook, ndipo zina n'zolembedwa m'Chichewa. Ngati simudziwa kuwerenga musabwerere m'mbuyo. Mwana wa Sitandade 4 kapena 5 akuwerengereni kamodzi, inu mumve, kenako muzikamba potsata zithunzi. Buku likasoweratu, agogo alipo.

Nthano yoyenera msinkhu uwu ikhale ndi nyama kapena anthu awiri, atatu, osapitirira anayi, ndipo zochitika zake zizibwerezabwereza. Muno titenga ya Kalulu amene anakokanitsa chingwe Njovu ndi Mvuu. Ndi nthano yakale, imapezeka m'mabuku ambiri a ana, ndipo aliyense amaikamba mwanjira yake. Taisankha chifukwa ikuyenda pakati pa tchire ndi mtsinje, malo amene mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amawaona tsiku ndi tsiku, ndiponso chifukwa muli chingwe, chinthu choti manja a ana awiri agwire.

Mwachidule imayenda chonchi. Kalulu anatopa n'kunyozedwa kuti ndi wochepa thupi. Anapita kuthengo kwa Njovu n'kunena kuti, "A Njovu, ine ndikhoza kukukokani mpaka kukakugwetserani mumtsinje." Njovu anaseka mpaka misozi, koma anavomera kugwira nsonga ya chingwe. Kalulu anathamanga ndi nsonga inayo mpaka kugombe, n'kuuza Mvuu kuti amukoka mpaka kumutulutsa m'madzi. Mvuu nayenso anaseka, n'kuluma chingwe. Kalulu anakabisala pachitsamba chapakati, n'kukuwa kuti ayambe. Zimphona ziwirizo zinakokana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, aliyense akudabwa kuti kanyama kameneka mphamvu kazitenga kuti. Pomaliza Kalulu anadula chingwe. Njovu anagwa chagada m'fumbi, Mvuu anati khuvuu m'madzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo onse awiri ankamupatsa moni mwaulemu.

Kambani nthanoyi masiku awiri kapena atatu musanakhudze pepala. Yambani monga mwa nthawi zonse, "Padangokhala," ana avomere kuti, "Tili tonse." Musonyezeni mwana zithunzi, aloze yekha chitamba cha Njovu ndi makutu a Kalulu. Akayamba kukudulani mawu n'kumanena zimene zikubwera kutsogolo, dziwani kuti nthawi yopanga zidole yakwana.

Zoti musonkhanitse

Pafunika katoni yopyapyala, monga bokosi la sopo, la tiyi kapena la mabisiketi. Katoni yokhuthala ya kugolosale imavuta kudula koma imakhalitsa, ndiye ndi yabwino kwa Njovu. Pafunikanso masamba a kope lakale lodzaza, nyuzipepala kapena kalendala ya chaka chatha. Pepala lolembedwa kale lilibe vuto, mtundu ukapakidwa zolembazo sizionekanso kwenikweni.

Zogwirira zidole ndi mapesi a mapira kapena a mchewere ouma bwino. Sankhani kumtunda kwa phesi, kumene n'kowonda ngati chala cha mwana, mudule utali wochoka pachigongono kufika padzanja lanu. Khungu la phesi likang'ambika limacheka, choncho kwechesani nsonga zonse ziwiri pamwala mpaka zisalale. Bango louma limagwiranso ntchito. Chingwe chikhale cha mlaza wong'amba, luzi kapena kansalu kong'amba m'litali.

Mitundu ili ponseponse. Makala apereka wakuda. Makala osinja osakaniza ndi phulusa lozizira pang'ono ndi madzi apereka wotuwa wa njovu, ndipo kumene kuli dothi lakuda la makande, ngati mbali ya ku Ngabu, dothilo losungunula m'madzi likwanira. Chidutswa cha njerwa yootcha mukachipera pamwala wonyowa chitulutsa wofiira wa m'kamwa mwa Mvuu. Masamba a mbatata kapena a nkhwani ofikisa papepala asiya wobiriwira. Choko ndi makrayoni, ngati zilipo, n'zabwino, koma musadikire kuti mugule kaye.

Sizasi igwiridwe ndi munthu wamkulu. Ngati mulibe, katoni yopyapyala imang'ambika bwino mukaipinda kangapo pamzere umodzi. Lezala ndi mpeni zisafike pamphasa pamene pali ana.

Zimene musagwiritse ntchito

Gawo ili muliwerenge mofatsa, chifukwa zinthu zoopsa kwambiri ndi zomwe zimaoneka zokongola.

Kuno timalima thonje, ndipo m'nyumba zambiri muli makatoni, timabotolo ndi timapaketi ta mankhwala opopera. Katoni imene munali mankhwala a thonje, a mbozi za m'chimanga kapena oteteza mbewu kwa anankafumbwe isasanduke chidole, ngakhale ioneke yoyera. Chimodzimodzi mapaketi a mbewu yogula yopakidwa mankhwala, ija ya mtundu wofiira kapena wobiriwira, ndi mapepala a matumba a simenti. Mwana wa zaka zitatu amaika chilichonse kukamwa, ndipo chidole chimene wachikonda amachipsompsona.

Utomoni wa nkhadze umamata, ndipo ana okulirapo amadziwa zimenezi, koma ukalowa m'diso umaotcha koopsa. Usakhale pafupi n'komwe. Zitachitika mwangozi, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenako thamangani naye kuchipatala.

Maso a chidole ajambulidwe ndi khala. Musamatepo nyemba, mikanda, mabatani kapena njere za mapira. Zikamatuka, mwana amazilowetsa m'mphuno kapena m'khutu, mwinanso kutsamwa nazo. Njere za nsatsi ndi tinjere tofiira towala tokhala ndi kadontho kakuda, tija timamera pakachomera koyanga m'tchire, ndi poizoni. Kanthu kakalowa m'mphuno kapena m'khutu musakatokose ndi kamtengo, chifukwa mungokakankhira m'kati. Pitani naye kuchipatala.

Chingwe cha masewerawa chisatalike kuposa mkono wanu kuchoka pachigongono kufika kunsonga za zala, ndipo masewera akatha chichotseni. Chingwe chachitali mwana amadzikulunga nacho m'khosi.

Pomaliza, bisani mapepala ofunika. Mwana akangozindikira kuti pepala limasanduka njovu, ayamba kusaka pepala lililonse m'nyumba. Kabuku ka kusikelo, chiphaso chobadwira, makope a akulu ake ndi buku lobwereka lija zikhale pamwamba. Muuzeni momveka kuti mapepala ake ndi a m'katoni imene mwamuikira yokha.

Kuphika zomatira

Zomatira zabwino ndi kaphala ka fulawa wa mandasi kapena ka ufa wa chinangwa. Thirani masupuni awiri a ufa m'kapoto, onjezani theka la kapu ya madzi ozizira, takasani mpaka mibulu ithe musanaike pamoto. Kenako ikani pamoto wochepa mukutakasabe. Pakangopita mphindi zochepa kaphalako kalimba n'kuyamba kunanda. Phulani, thirani kamchere pang'ono kuti kasasase msanga, kazizire. Ufa wa chimanga sugwira bwino, umangofumbutuka ukauma. Amene muli mbali ya ku Muona kapena ku Nkhate, kumene mpunga supereweraperewera, tengani mpunga wophika wofewa, muukanye ndi supuni pamodzi ndi timadzi mpaka usalale. Umagwira pepala mwamphamvu.

Phikani zongokwanira tsiku limenelo. Ndi kutentha kwa kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kaphala kogona kamasasa n'kuitana ntchentche. Kutentha komweko kuli ndi ubwino wake, chifukwa chidole chomata chimauma msanga. Yalani mphasa pamthunzi, m'mawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo, ndipo khalani ndi timiyala topsinjira mapepala kuti mphepo isawaulutse. Aliyense asambe m'manja ndi sopo poyamba ndi pomaliza.

Njovu ndi Kalulu a pakamtengo

Pa Njovu, ikani kapu mozondotsa pakatoni, mwana azungulize khala m'mphepete mwake. Umenewo ndi mutu. Makutu ndi manja a mwana yemweyo: aike chikhatho pakatoni zala zitagundana, inu muzungulize, kenako dzanja linalo. Ana amakondwa kwambiri kuona kuti makutu a Njovu ndi manja awo, ndipo mukasunga chidolecho mudzaona chaka chamawa mmene dzanja lakulira. Dulani zidutswa zitatuzo, mumate makutu kumbuyo kwa mutu, kumanja ndi kumanzere.

Chitamba ndi kapepala kakatali, m'lifupi mwake zala ziwiri. Kapindeni kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo mpaka kathe, kuti mukakatambasula kakhale ndi makwinya ndipo kazigwedera Njovu akamayenda. Matani nsonga imodzi pakati pa nkhope. Minyanga ndi tizidutswa tiwiri ta pepala loyera. Mwana apake mtundu ndi chala, ndi nthenga ya nkhuku kapena ndi kamtengo kophwanya kunsonga. Madzi asachuluke, katoni ingafewe. Mtundu ukauma, ajambule maso.

Pomangirira phesi m'pamene ambiri amalakwitsa. Mukangopaka kaphala paphesi n'kulikanikiza pakatoni, ligwa lisanafike madzulo, chifukwa khungu la phesi n'loterera. Gonekani phesi kumbuyo kwa mutu, lifike pakati, kenako tengani timapepala titatu topaka kaphala mbali yonse, mutiyale mopingasa pamwamba pa phesilo, n'kutikanikiza pakatoni mbali zonse ziwiri. Psinjani ndi mwala mpaka ziume. Njira ina ndi yoboola timabowo tiwiri pakatoni n'kumanga phesi ndi kaluzi. Kuboolako achite wamkulu.

Kalulu apangidwe chimodzimodzi, koma akhale wamng'ono zedi, mutu wake wozunguliza pachivindikiro cha botolo kapena pansi pa kakapu. Kusiyana kwa misinkhu ndiye mtima wa nthanoyi, ndiye musamukulitse. Makutu ndi timapepala tiwiri tatitali, tong'amba ndi manja. Khutu limodzi likapindika lisiyeni, Kalulu amaoneka wochenjera kwambiri akatero. Ndevu zijambulidwe ndi khala.

Mvuu wotsegula kukamwa

Uyu ndi amene ana amalimbirana, ndipo safuna sizasi. Tsatani bwino mapindidwe ake, muyese kaye nokha mwana asanabwere.

Tengani tsamba limodzi la kope, muliike patsogolo panu choimirira. Pindani mbali ya kumanzere kulowa m'kati, gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwake. Pindani mbali ya kumanja kuti ivindikire yoyambayo. Pakani kaphala pang'ono pansi pa mbali yapamwambayi, mumate. Samalani kuti kaphala kasalowe m'kati, chifukwa mukufuna kathumba kakatali kophwatalala, kotseguka kumwamba ndi kumunsi. Lowetsani chala kuti muone ngati sikanamatane.

Kakauma, kapindeni pakati kuti nsonga ziwiri zotseguka zikumane. Tsopano tengani nsonga yapamwamba, muipindire kumbuyo mpaka ifike pampindiro wapakati uja. Tembenuzani, muchite chimodzimodzi ndi nsonga inayo. Mukayang'ana cham'mbali, pepalalo lioneka ngati chilembo cha M chogona. Kumbuyo kuli timatumba tiwiri. Mwana alowetse zala zake m'kathumba kapamwamba, chala chachikulu m'kathumba kapansi. Akatsegula dzanja, Mvuu wayasamula. Akatseka, waluma.

Tsamba limodzi la kope limakwana dzanja la mwana. Dzanja la munthu wamkulu lifuna masamba awiri apakati pa kope, aja amachoka ali olumikizana.

M'kamwa mupake wofiira wa njerwa. Matanimo mano awiri akuluakulu a pepala loyera kunsagwada yapansi. Pamwamba jambulani mphuno ziwiri kutsogolo, maso kumbuyo, ndipo mumate timakutu ting'onoting'ono. Mufunseni mwana chifukwa chimene maso, mphuno ndi makutu a mvuu zonse zili pamwamba pa mutu. Mwana wa m'mbali mwa Shire mwina anaonapo mvuu itabisa thupi lonse m'madzi, n'kungotulutsa zimenezi, ndipo akhoza kukuyankhani bwino. Mapindidwe omwewa, mukatenga pepala lalitali n'kujambula mano ambiri osongoka, akupatsani Ng'ona wa nthano ina.

Ngati nthawi yachepa, pali njira yachidule. Kulungani kapepala pachala cha mwana mosathina, matani, jambulani nkhope, onjezani makutu. Chala chilichonse chikhoza kuvala nyama yake.

Ntchito ya mwana ndi ntchito yanu

Apa m'pamene akuluakulufe timagwa m'mayesero. Timafuna chidole chokongola choti tikaonetse anzathu, ndiye timalanda pepala m'manja mwa mwana n'kumuuza kuti akuononga. Mapeto ake chidole chimakhala chathu, mwana n'kungokhala woonerera, ndipo sachedwa kunyamuka kukasewera kwina. Njovu ya diso limodzi pamphumi, lina pakhutu, imene mwana wapanga yekha, amagona nayo pambali. Musakonze zimene wajambula. Ngati mukufuna yanu yooneka bwino, pangani yanu pambali, iye aziona mmene mukuchitira.

Wa zaka zitatu akhoza kung'amba pepala, kupaka kaphala ndi chala, ndi kukhwatchakhwatcha ndi khala. Satha kukhala pansi nthawi yaitali, ndipo akatopa musiyeni, mudzapitiriza mawa. Wa zaka zinayi amazunguliza kapu, amapinda pepala mukamusonyeza, amaika maso pamalo pake. Wa zaka zisanu akhoza kupinda chitamba yekha, ndipo ngati pali sizasi yaing'ono yosasongoka, ayese kudula potsata mzere inu muli pomwepo. Kung'amba, kupinda ndi kutsina timapepala kumalimbitsa zala zomwe zidzagwire pensulo. Mwana wamanzere musamukakamize kusintha dzanja.

Manja akugwira ntchito, pakamwa pasakhale chete. Funsani: makutu a Njovu ndi angati? Wamkulu ndani, Mvuu kapena Kalulu? Chitamba chili pamwamba kapena pansi pa maso? Tapinda kangati? Mawu ngati chachitali, chachifupi, pakati, kumbuyo ndi theka amalowa mosavuta pamene mwana akugwira chinthu chenichenicho.

Mwana amene saona bwino mumuthandize ndi zokhudza. Njovu mumatepo mchenga pang'ono kuti ikhale yokhakhala, Kalulu mumatepo kansalu kofewa, kuti azizisiyanitsa ndi zala. Amene samva bwino akhale moyang'anana nanu kuti aone milomo yanu ndi mmene zidole zikuyendera. Asatsale m'nyumba anzake akusewera.

Kusewera nthano

Bwalo lake ndi losavuta. Yalani chitenje kumapeto kwa mphasa, umenewo ndi mtsinje. Dengu lozondotsa pakati ndi chitsamba cha Kalulu. Mbali inayo ndi thengo. Mangani chingwe paphesi la Njovu, nsonga ina Mvuu ailume, ndiye kuti mwana aitsine ndi chidole chake.

Ulendo woyamba kambani inu, ana azingoyendetsa zidole. Ulendo wachiwiri, mukafika polankhula nyama, imani, muyang'ane mwana, mudikire. Kudikirako n'kovuta, koma musathamangire kumuuza mawu. Zikhoza kumveka chonchi:

"Ndiye Kalulu anafika kwa a Njovu. Anati bwanji, mwanangu?"

"Anati... a Njovu, tiyeni tikokane!"

"Eya. Nanga a Njovu anayankha kuti chiyani?"

"Anati iwe ndiwe kamwana, ndikuponda!"

"Ayi ndithu, anatero? Nanga Kalulu anaopa?"

"Sanaope, agogo. Anapita kwa Mvuu."

Mawu a mwanayo sali m'buku, ndipo palibe cholakwika. Akasintha nthano, n'kulowetsamo njinga ya kabaza kapena kunena kuti Njovu anapita ku Nchalo kukadya nzimbe, mutsatireni, mufunse chinachitika n'chiyani kumeneko. Ulendo wachitatu akambe yekha kuyambira poyamba mpaka pamapeto, inu muzingovomera kuti, "Tili tonse." Ana ena amanyazi, amene amabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi awo mlendo akabwera, amamasuka chidole chikakhala patsogolo pa nkhope yawo. Akachita chibwibwi kapena kulakwitsa mawu, musamuseke ndipo ena asamuseke. Bwerezani mawuwo molondola m'yankho lanu, n'kupitiriza.

Ngati pakhomo panu mumalankhula Chisena kapena Chimang'anja, zidole zilankhule chomwecho. Buku likhoza kukhala la Chichewa cha kusukulu, koma mwana amaganiza ndi kufotokoza bwino m'chilankhulo chimene anayamwira. Tsiku lina Mvuu alankhule Chisena, Njovu ayankhe m'Chichewa, Kalulu azimva zonse ziwiri. Mwana wotere akadzalowa m'kalasi, Chichewa cha m'mabuku sichidzamudzidzimutsa, ndipo chilankhulo cha kwawo sadzachita nacho manyazi.

Masewera akatha, bwererani ku buku. Mwana aike chidole chake pambali pa chithunzi, afananitse. Lozani dzina la nyamayo pamene lalembedwa, ndipo ngati mungathe lembani K kumbuyo kwa Kalulu, N kwa Njovu, M kwa Mvuu. Musamukakamize kuloweza. Kungoona kuti zolembazo zikunena za chinthu chimene chili m'manja mwake n'kokwanira pa msinkhu uwu.

Pali funso limodzi loyenera kucheza nalo ndi wa zaka zisanu: kodi zimene anachita Kalulu zinali zabwino? Ena adzati anachenjera, ena adzati ananama. Amveni onse. Mufunsenso ngati Njovu ndi Mvuu anachita bwino kumuseka chifukwa cha kuchepa kwake.

Mvuu ya pepala ndi mvuu ya mu Shire

Kwa ana a m'madera ena nyama izi ndi za m'zithunzi chabe. Kuno ndi anansi athu. Dambo lalikulu la Elephant Marsh linapatsidwa dzinali ndi David Livingstone atapezamo njovu zambirimbiri mu 1859. Lero njovu mulibemo, koma mvuu ndi ng'ona zilimo. Ku nkhalango ya Majete njovu zinatheratu ndi opha nyama mozemba, ndipo zinabwezeretsedwa bungwe la African Parks litayamba kusamalira nkhalangoyi mu 2003. Mwana amene wapanga Njovu ndi manja ake mungamuuze kuti zenizeni zili konkuno kuchigwa, m'boma la Chikwawa.

Koma muuzeninso zoona zake za mtsinje. Mvuu ya m'nthano imaseka, pamene yeniyeni imagubuduza bwato, imadya mbewu kudimba usiku, ndipo ikakhala ndi mwana imalusa. Ng'ona imabisala pamadooko pomwe anthu amatunga madzi ndi kuchapa. Gwiritsani ntchito chidole chomwecho pophunzitsa. Mvuu anene ndi mawu ake akuluakulu kuti mwana asapite kumtsinje popanda wamkulu, asasewere m'mphepete mwa madzi, ndipo madzi akayamba kukwera athamangire kumene kuli makolo ake. Mwana abwereze, kenako iye aphunzitse Kalulu.

Madzulo

Akuluakulu ankati nthano sakamba masana, ndipo madzulo akadali nthawi yake yabwino. Pachikani chitenje chowala kapena nsalu yoyera, ikani tochi kapena nyali ya sola kumbuyo kwake, zidole zidutse pakati pa nyali ndi nsalu. Kalulu akayandikira nyali, chithunzithunzi chake chimakula kuposa cha Njovu, ndipo ana amafuna kudziwa chifukwa chake. Asiyeni ayese okha, kuyandikiza ndi kutalikitsa. Koloboyi ndi kandulo zisagwiritsidwe ntchito pamasewerawa, chifukwa pepala, phesi louma ndi nsalu sizichedwa kuyaka. Udzudzu ukachuluka, lowani nazo m'neti, khoma la nyumba likhale pooneka zithunzithunzi.

Kusunga, ndi mawu kwa alezi

Kaphala kamene kamata chidole ndi chakudya kwa mphemvu, nyerere ndi makoswe, ndipo katoni yosiyidwa pansi chiswe sichiichedwetsa. Zidole zikauma bwinobwino, zisungeni m'ndowa yokhala ndi chivindikiro, kapena m'jumbo yomanga n'kupachika kudenga kumene mwana safikira. Jumbo yokhayo isakhale choseweretsa. M'miyezi ya mvula, buku lobwereka likhale m'pulasitiki limodzi ndi mapepala ofunika a banja, pamalo oti mungatenge msanga. Zidole zikanyowa musadandaule nazo, mudzapanga zina. Ngakhale kumisasa ya anthu othawa madzi, kumene ana amakhala tsiku lonse opanda chochita, makatoni a katundu wa thandizo amapezeka, ndipo Mvuu amangofuna tsamba limodzi la pepala.

Alezi amene muli ndi ana ambiri, musayese kupangitsa onse nthawi imodzi. Agaweni m'timagulu ta ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu limodzi lizipanga pamene ena akuimba kapena kusewera panja. Dulani zozungulira ndi kukonza mapesi dzulo lake. Pemphani komiti ya CBCC kuti iuze makolo kubweretsa makatoni oyera ndi makope akale, ndipo muziyang'ana katoni iliyonse kuti munali chiyani musanaipereke kwa ana. Lembani dzina la mwana kumbuyo kwa chidole chake. Lachisanu apite nacho kunyumba, ndi uthenga woti akakambire anthu a kwawo nthanoyo, ndipo Lolemba mudzamufunse kuti anamvetsera ndani ndiponso anati chiyani.

Nthano imodzi ikhoza kukutengerani sabata ziwiri. Ana akayamba kuitopa, tengani ina yokhala ndi nyama imodzi yatsopano, monga ya Fulu amene anagwira Kalulu pachitsime, kuti Kalulu ndi Njovu akale apitirize ntchito ndipo mungopanga Fulu yekha. Chigoba chake ndi katoni yozunguliza pambale yaing'ono, mwana n'kumatapo tizidutswa ta pepala tong'amba yekha.